Mphepo yoononga yobwera ndi cold front: kodi tidziteteze bwanji?

Mayi wa ana atatu:

Akuluakulu nonse, ndabwera ndi funso kwa inu amene mumadziwa za nyengo ndi za kamangidwe ka nyumba. A zanyengo alengeza kuti mawa chakumadzulo kudutsa cold front, ndipo achenjeza kuti idzabwera ndi mphepo yotha kusasula madenga ndi kugwetsa mitengo. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti lero kunja kuli bata, kukutentha, ndipo kumwamba kulibe chizindikiro chilichonse choopsa. Ine ndimadziwa kuti mphepo yoononga imabwera ndi anamondwe akuluakulu ochokera m'nyanja zamchere, aja amapatsidwa mayina. Nanga mpweya wozizira chabe ungaononge bwanji chonchi?

M'chilengezocho atchulanso manambala awiri. Akuti mphepo idzaomba pa liwiro la makilomita 50 pa ola, koma nthawi zina idzafika makilomita 90 pa ola. Pokonzekera ndigwire nambala iti?

Nyumba yathu ndi yamalata, ndipo pafupi ndi chipinda chogona ana pali mtengo waukulu umene nthambi zake zinafika pamwamba pa denga. Mnzanga wina wandilangiza kuti mphepo ikayamba nditsekule mawindo onse kuti izingodutsa, apo ayi denga lipita. Kodi zimenezi n'zoona? Bambo a kunyumba nawonso adzakhala ali pamsewu nthawi yomweyo pobwerera kuchokera kuntchito, choncho amene mumayenda kwambiri pagalimoto mundithandizeko maganizo.

Mphunzitsi wopuma:

Mayi, bata ndi kutentha kumene mukukuonaku kusakunyengeni, chifukwa nthawi zambiri umu ndi momwe kumakhalira cold front isanafike. Cold front ndi malire a mipweya iwiri yosiyana, pamene mpweya wozizira ukubwera kudzalanda malo a mpweya wofunda. Mpweya wozizira ndi wolemera, motero umalowa pansi pa wofundawo n'kuutukula, monga khasu limalowera pansi pa dothi n'kulinyamula. Mpweya wofunda ukakwera mofulumira choncho, chinyezi chake chimasanduka mitambo yaitali ya mabingu, ndipo mitamboyo imandandalikana mumzere umene ungatalike makilomita mazana angapo. Kamvedwe kameneka ka nyengo kanakhazikitsidwa ndi akatswiri a mumzinda wa Bergen ku Norway, motsogozedwa ndi Vilhelm Bjerknes ndi mwana wake Jacob, cha m'ma 1919, ndipo mpaka lero mapu a zanyengo amajambula cold front ngati mzere wabuluu wokhala ndi timano toloza kumene ikupita.

Mphepo yoononga imachokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi kusiyana kwa kupanikizika kwa mpweya pakati pa dera lina ndi linzake. Kusiyanako kukakula pa mtunda waufupi, mpweya umathamanga kwambiri, ndipo mphepo ya mtundu umenewu imatha kuomba kwa maola ambiri. Mbali yachiwiri, imene ine ndimaiopa kwambiri, imachokera m'mitambo ya mabingu ija. Mvula ikamagwa mkati mwa mtambo imaziziritsa mpweya, mpweyawo umatsika mwamphamvu, ndipo ukagunda pansi umamwazikira mbali zonse pa liwiro lalikulu. Katswiri wina wotchuka, Ted Fujita wa ku yunivesite ya Chicago, anafufuza mphepo yotsika chonchi m'zaka za m'ma 1970 ndipo anaitcha downburst. Mphepo yozizira yochokera m'mitamboyi imathamangira kutsogolo kwa mvula, kotero kuti munthu amene akudikira madontho oyamba kuti alowe m'nyumba amakhala atachedwa kale. Mukaona mtambo wakuda wotsika, wotambalala mopingasa kuchokera mbali ina ya thambo kufika ina, fumbi likutukuka pansi pake, ndiye kuti mwatsala ndi mphindi zowerengeka.

Pa za manambala, woyambayo ndi liwiro la pakatikati, limene m'maiko ambiri amaliyeza kwa mphindi 10 pa msinkhu wa mamita 10 kuchokera pansi. Wachiwiriyo ndi wa mphepo ya mwadzidzidzi imene imatenga masekondi ochepa chabe, koma ndiyo imathyola nthambi ndi kuzula misomali. Gwirani wachiwiriyo. Ambiri amaganiza kuti liwiro likachuluka kawiri mphamvu nayo imachuluka kawiri, koma zoona zake n'zakuti imachuluka kanayi. Mphepo ya makilomita 90 pa ola imakankha kuposa katatu poyerekeza ndi ya makilomita 50, ndipo ikaomba molunjika pachitseko wamba imachikankha ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 70. Pa muyezo wa mphamvu ya mphepo wa Francis Beaufort, umene anaukonza mu 1805 ndipo ukugwirabe ntchito, mphepo ya makilomita 62 mpaka 74 pa ola imathyola tinthambi ndipo munthu amavutika kuyenda, ya 75 mpaka 88 imayamba kuononga madenga, pamene ya 89 mpaka 102 imazula mitengo. Muyezowo umanena za liwiro la pakatikati, komabe ukupatsani chithunzi cha zimene mphepo yotere imatha kuchita.

Chinthu china chimene anthu amaiwala n'chakuti mphepo imatembenuka. Kum'mwera kwa equator, mzere wa pamapu wogawa dziko lapansi pakati, kawirikawiri imaomba kuchokera kumpoto chakumadzulo cold front isanafike, ndipo ikadutsa imachokera kum'mwera chakumadzulo. Kumpoto kwa equator imayamba kuchokera kum'mwera chakumadzulo n'kudzathera kumpoto chakumadzulo. Izi zikutanthauza kuti mbali ya nyumba imene inali yobisika masana imadzakhala yoyang'anizana ndi mphepo madzulo. Ku Sydney m'dziko la Australia kutembenuka kumeneku amakutcha southerly buster, ndipo kutentha kumatha kutsika ndi madigiri oposa 10 ola lisanathe. Ku Argentina ndi ku Uruguay amakutcha pampero. Kutembenukaku n'koopsa kwambiri pakakhala moto wolusa, chifukwa mbali yaitali ya motowo imasanduka kutsogolo kwake mwadzidzidzi. Mu June 2017, pamene mphepo yamkuntho inagunda Cape Town, mphepo yotentha ndi youma yoomba patsogolo pa cold front yomweyo inakolezera moto umene unapsereza nyumba mazanamazana m'tauni ya Knysna ku South Africa. Choncho lero ndi mawa pasapezeke wotentha zinyalala kapena tchire, ngakhale kunja kukuoneka kwabata.

Komanso musaganize kuti mvula ikasiya ndiye kuti zatha. Kumbuyo kwa cold front kumwamba kumatha kuyera, dzuwa n'kuwala, koma mphepo yozizira n'kumaombabe mwamphamvu usiku wonse.

Mmisiri wa madenga:

Aphunzitsi afotokoza bwino za kumwamba, ine ndilankhule za pansi pano pamene ndimagwira ntchito. Mayi, malangizo a mnzanuwo musawatsatire. Tsekani mawindo ndi zitseko zonse, mukhomere ndithu, ndipo pasakhale chitseko chongotsamira.

Chifukwa chake ndi ichi. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa denga imalikokera m'mwamba, makamaka m'makona, m'mphepete ndi pamsonga. Ndiye mukatsekula windo la mbali imene mphepo ikuchokera, mpweya umadzaza m'nyumba n'kuyamba kukankha denga kuchokera pansi. Denga limakhala likukokedwa kunja uku likukankhidwa mkati, ndipo misomali imene ikanapirira mphamvu imodzi imalephera kupirira ziwiri. Ena amati atsekula mbali zonse kuti mpweya ulowe uku n'kutulukira uko, koma monga anenera aphunzitsi, mphepo imatembenuka ndipo simungathe kuilondola. Kuonjezera apo, munthu amene akuthamangira mawindo nthawi ya mkuntho ndiye amavulazidwa ndi magalasi. Madenga ambiri amene ndawakonza anayamba kusasuka pamalo amodzi aang'ono. Mukakwera pamwamba mumapeza lata limodzi la pakona litapindikira kumbuyo, mabowo a misomali atakula chifukwa cha dzimbiri, ndipo thabwa la pansi pake litafumbwa moti msomali ukuzuka ndi zala. Mphepo ikangopeza polowera pamenepo imafunyulula malata enawo limodzi ndi limodzi. Nthawi zina malata amakhala okhomedwa bwino koma mitengo ya denga sinamangiriridwe kukhoma, ndipo denga lonse limanyamuka lathunthu.

Popeza mwatsala ndi tsiku limodzi, chitani zimene zingatheke lero kukadali bata. Pezani mmisiri ayang'ane m'makona ndi m'mphepete mwa denga, akhome pamene pagwedera, ndipo aone ngati waya kapena zitsulo zomangira denga kukhoma zikadali zolimba. Mawa mphepo ikayamba pasapezeke munthu pamwamba, ngakhale lata litayamba kugwedezeka mukulimva. Lata ndi lopepuka koma lakuthwa, ndipo likagwidwa ndi mphepo limatha kumukankhira pansi munthu amene waligwira kapena kumucheka koopsa. Za kusanjikiza miyala, njerwa kapena matayala padenga sindigwirizana nazo, chifukwa mphepo ya liwiro limene atchulalo imatha kuzigubuduza, ndipo zimagwera anthu amene ali pansi.

Pabwalo chotsani chilichonse chotha kuuluka: mipando, zidebe, migolo yopanda kanthu, makwerero, matabwa ndi malata otsala pomanga. Anthu ambiri amavulazidwa ndi zimene mphepo yanyamula kapena kugwetsa. Mpanda wa njerwa wautali wopanda zipilala nawonso ndi woopsa, ndipo ana asabisale m'mbali mwake.

Tsopano za mtengo. Pitani mukauyang'ane patsinde. Ngati dothi latukuka kapena lang'ambika mbali imodzi, ngati pamera bowa patsinde, ngati pali mphako kapena mng'alu pamene nthambi zikuluzikulu zagawanikira, mtengowo ndi wokayikitsa. Mtengo wa masamba ambiri umagwira mphepo kuposa wopanda masamba, ndipo dothi likakhala lonyowa ndi mvula ya masiku apitawa mizu siigwira bwino. Komabe sindikukulangizani kuti muugwetse mothamanga lero, chifukwa kudula mtengo waukulu woyandikana ndi nyumba ndi ntchito ya anthu odziwa, okhala ndi zingwe, ndipo yochita mopupuluma imagwetsera mtengowo padenga lomwelo. Ngati alipo wodziwa amene angachotse nthambi zouma ndi zolendewera padenga lero, achotse. Chosavuta kuposa zonse n'chakuti mawa ana asagone m'chipinda chimenecho. Asamutsireni kuchipinda cha mbali ina, makamaka chamkati chokhala ndi mawindo ochepa, ndipo bedi likhale kutali ndi galasi. Denga likayamba kusasuka muli momwemo, musathamangire panja pamene malata akuuluka. Lowani pansi pa tebulo lolimba kapena dzifunditseni matiresi, mutu mutauteteza ndi manja.

Dalaivala wa maulendo ataliatali:

Mayi, za bambowo yankho labwino ndi lakuti anyamuke msanga afike mphepo isanayambe, kapena adikire kuntchito komweko mpaka mzere wa mabingu utadutsa. Gawo loopsa kwambiri nthawi zambiri silikhalitsa, ndipo kuchedwa kufika pakhomo sikungafanane ndi kukumana nalo pamsewu.

Ngati mphepo yawapeza ali m'njira, achepetse liwiro, agwire chiwongolero ndi manja onse awiri, ndipo atalikirane ndi galimoto ya patsogolo. Malo ovuta ndi pamilatho, pamwamba pa zitunda, ndi potuluka pamalo obisika, monga pamene nkhalango kapena mzere wa nyumba wathera, chifukwa mphepo ya m'mbali imakumenya usanakonzeke. Chimodzimodzi popitirira lole: uli m'mbali mwake umakhala wotetezedwa, koma ukangotuluka kutsogolo kwake galimoto imakankhidwira kumbali. Ife a malole timadziwa kuti lole yaitali yopanda katundu ndiyo imagubuduzika msanga, choncho oyendetsa galimoto zazing'ono asayende moyandikana nafe nthawi yotere. Wa njinga yamoto kapena yakapalasa angotsika n'kulowa m'nyumba yolimba.

Akafuna kuima, asaime pansi pa mtengo, pafupi ndi mapolo a magetsi kapena zikwangwani zikuluzikulu za malonda. Ambiri amathamangira pansi pa mtengo pothawa matalala kuti galasi lisasweke, osaganiza kuti nthambi imodzi yaikulu imaphwanya denga la galimoto. Mu January 2007 mphepo yamkuntho yotchedwa Kyrill, imene cold front yake inadutsa ndi mabingu, inapha anthu oposa 40 ku Ulaya, ena mwa iwo atagweredwa mitengo ali m'galimoto, ndipo ku Germany anaimitsa sitima zapamtunda zoyenda maulendo ataliatali. Usiku ayende podziwa kuti kuseri kwa kona iliyonse kungakhale mtengo wogwera mumsewu.

Pa nkhani ya mtengo wa pakhomo ndisiyana pang'ono ndi amisiri. Ngati patsinde pakuoneka zizindikiro zimene atchulazo, ine sindingakhutire ndi kusintha chipinda chokha, chifukwa mtengo waukulu umatha kudutsa nyumba yaing'ono kuchokera mbali ina kufika ina. Pamenepo ndi bwino banja lonse likagone kwa achibale kapena kwa anansi a nyumba yolimba, ndipo achoke kukadali kowala.

Mayi wa ana atatu:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, amisiri ndi inu bambo a pamsewu. Mtengo ndauyang'ana, patsinde sipakuoneka mng'alu kapena bowa, koma pali nthambi ziwiri zouma zimene wodziwa kudula wavomera kudzachotsa lero lomwe. Ana adzagona mbali ina ya nyumba. Funso langa lotsala ndi la magetsi, popeza nthambo zimadutsa pafupi ndi mtengowo. Zikaduka n'kugwera pabwalo tichite chiyani? Tili ndi jenereta yaing'ono, ndipo poti akuti kudzazizira kwambiri pambuyo pake, ndimaganiza zolowetsa mbaula m'nyumba kuti ana afundidwe.

Namwino:

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanachite, chifukwa ovulala ambiri amene timawalandira kuchipatala nyengo yotere amabwera mphepo itatha kale.

Choyamba, nthambizo zikakhala pafupi ndi nthambo, wodulayo asakwere mpaka a kampani ya magetsi atadziwitsidwa, chifukwa nthambi yaiwisi kapena makwerero achitsulo akakhudza nthambo munthu amafera pomwepo. Nthambo iliyonse imene yagwa muione ngati ili ndi moto, ngakhale isakuthetheka ndipo ngakhale magetsi azima m'dera lonse, popeza amatha kubwerera mosayembekezereka. Khalani patali mamita osachepera 10, musaikankhe ndi ndodo, ndipo musakhudze mpanda wawaya, chithaphwi kapena mtengo umene nthamboyo yagwerapo. Magetsi amayenderera m'nthaka mozungulira pamene nthambo yagwera, motero munthu amatha kugwidwa asanaikhudze n'komwe. Ikagwera pagalimoto muli mkati, khalani momwemo muimbe foni kupempha thandizo, ndipo muletse anthu kuyandikira. Pokhapokha galimoto itayamba kuyaka m'pamene mungatuluke, ndipo potero mulumphe miyendo ili pamodzi osakhudza galimoto ndi nthaka nthawi imodzi, kenako muchoke mokhwekhwereza mapazi. Munthu amene wagwidwa ndi magetsi musamugwire mpaka mutatsimikiza kuti azimitsidwa. M'mawa ana asatuluke inu musanazungulire pabwalo.

Za mbaula ndikukanizani kwathunthu. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, koma munthu amene ali m'tulo samva chilichonse ndipo sadzukanso. Ana amagwidwa msanga kuposa akuluakulu. Makala ooneka ngati azilala amatulutsabe mpweyawo, ndipo popeza mawindo adzakhala otseka chifukwa cha mphepo, ngoziyo idzakula. Avekeni ana zovala zingapo zosanjikiza, zipewa ndi masokosi, muwafunditse mabulangete, ndipo agone moyandikana. Jenereta nayo imatulutsa mpweya womwewo, choncho iikidwe panja, mamita osachepera 6 kuchokera pamawindo ndi zitseko, osati m'khonde lotsekeka kapena m'galaja ngakhale chitseko chake chili chotsekula. Musailumikize kumawaya a nyumba mwachisawawa, chifukwa moto wake umabwerera kunthambo za kunja n'kupha amene akukonza. Anthu angapo m'nyumba akayamba kudandaula mutu nthawi imodzi, tulukani nonse panja msanga ndipo mupite kuchipatala.

Powunikira gwiritsani ntchito tochi m'malo mwa kandulo. Lero tchajani mafoni, tungirani madzi akumwa, ndipo mankhwala a aliyense amene amamwa tsiku ndi tsiku muwaike pamodzi ndi mapepala ofunika m'chikwama chosalowa madzi. Wailesi ya mabatire imathandiza netiweki ikasowa.

Aphunzitsi anatchula mabingu, ndiye ndionjezere za mphenzi. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka mutamva kugunda. Masekondi 3 aliwonse ndi mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi. Ngati bingu likumveka, muli kale pamtunda umene mphenzi ingafike, ndipo musatuluke mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Pa nthawiyo pewani kusamba ndi kugwira zipangizo zolumikizidwa kumagetsi.

Poyeretsa pabwalo valani nsapato zolimba ndi magolovesi, chifukwa misomali ndi zidutswa za malata zimabisala pansi pa masamba. Musanawerame yang'anani kaye m'mwamba, popeza nthambi yothyoka imatha kutsakamira pa inzake n'kudzagwa mawa lake. Mtengo wogwa umene wapanikizika kapena kupindika umafwamphuka mwamphamvu ukadulidwa, choncho umenewo asiyireni odziwa. Bala la msomali kapena la lata mulitsuke ndi madzi oyera ndi sopo, mulimange ndi nsalu yoyera, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone ngati mukufunika katemera wa kafumbata.